Makina Osokera a Apongozi

Linali tsiku wamba. Mvula inagwa masana kenako n'kukata, ndipo pofika madzulo anzanga a m'mashopu oyandikana nane anali akutseka mmodzimmodzi. Wometa tsitsi anakoka chitseko chake chachitsulo. Wokonza njinga analowetsa matayala ake. Ine ndinatsala ndekha ndi babu langa limodzi ndi fungo la vanishi.

Ndine kalipentala. Ndimakhoma mipando, zitseko, makabati, ndipo zikavuta ndimakhomanso mabokosi aja anthu sakonda kuwatchula. Koma masiku amenewo ntchito za anthu ndinali nditazikankhira pambali. Pakati pa shopu yanga panali makina osokera a apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga.

Anthu onse ankangowatchula kuti Atelala. Anasoka moyo wawo wonse pa makina amenewo, aja akale opalasa ndi phazi, akuda bii, a timaluwa tagolide pamsana, okhala pa tebulo la madilowa. Anali munthu wa nkhani zosatha. Ukapita m'mawa kukasoketsa batani limodzi, unkabwerako dzuwa litapendeka, nthiti zikupweteka ndi kuseka. Maso awo atayamba kuchita chidima anasiya kusoka, ndipo makinawo anakaponyedwa m'chipinda chosungira katundu, pansi penipeni pa denga lodontha. Kenako sitiroko inawagwetsa. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kuthera pomwepo. Tinakawatenga kuti tizikhala nawo kwathu.

Mkazi wanga ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza popanda kudandaula. Chimene chinkamudya mtima ndi kusalankhula kwawoko. Ankakhala pambali pa bedi n'kumawafotokozera za tsikulo, iwo akungoyang'ana denga.

"Angonditukwana kamodzi kokha," anandiuza tsiku lina akupukuta mbale, "bola ndimvenso mawu awo."

Namwino amene ankabwera kudzawaona anatiuza kuti nthawi zina wodwala wotere amatsitsimuka akamva kapena kugwira chinthu chimene anachizolowera. Mkazi wanga sanachedwe.

"Akalipentala, konzani makina aja. Tidzawaike m'chipinda mwa bambo, ine ndizisoka iwo akumva. Mwina atsegula pakamwa."

Ntchito imeneyo ndinaikonda, ndisaname. Gudumu linali litauma gwa ndi dzimbiri. Ndinamasula chilichonse chomasulika, ndinaviika m'palafini, ndinatsuka ndi kaburashi kakale ka m'mano mpaka zitsulo zinayamba kuseka. Wokonza njinga anandipezera lamba wachikopa. Miyendo yachitsulo ndinaipala n'kuipaka penti wakuda. Tebulo ndiye linali lomvetsa chisoni. Pamwamba panali patatupa ndi madzi, mahinjesi atathyoka, ndipo m'dilowa imodzi makoswe anali atalereramo ana ndi zidzukulu. Ndinamata, ndinafinya, ndinapala. Thabwa lake linali labwino, la mitengo ija masiku ano sitiionanso.

M'mphepete mwa tebulolo, mbali imene wosoka amakhala, munali timabala tambirimbiri tochekedwa ndi mpeni, tina toyandikana, tina totalikirana. Ndinangoti ndi ana osamva. Kalipentala akaona bala pa thabwa, manja amamuyabwa. Ndinasakaniza utuchi ndi guluu, ndinatseka tonse, ndinakwecha ndi sandipepa, n'kupaka vanishi. M'mphepetemo munasalala moti ngakhale ine mwini sindikanalozanso pamene panali bala.

Chinatsala chinali chimodzi. Makinawo ankazungulira bwinobwino, koma sankasoka. Singano inkangoboola nsalu, ulusi osagwira. Madzulo amenewo ndinatumiza uthenga kunyumba kuti asandidikire, sindichoka mpaka makinawa andimvere.

Mashopu athu ali mu mpanda wa njerwa, ndipo polowera ndi pamodzi pokha, pa geti pamene pamakhala mlonda. Ndi bambo wachikulire wa chijasi chofika m'mapazi. Mdima utagwa anabwera kudzamwa tiyi, monga amachitira akaona kuti kwanga kukuyaka.

"Kalipentala kusoka?" anatero akuuzira kapu. "Mawa ndimva kuti wometa uja wayamba kuchotsa anthu mano."

Tinaseka, iye n'kubwerera ku geti. Ine ndinatseka chitseko chifukwa cha udzudzu.

Ndinachotsa bobini ya ulusi wapansi, ndinaibwezera. Ndinamasula ulusi, ndinaumanga. Ndinathira mafuta paliponse pamene panali kabowo. Palibe chinasintha. Kunja magalimoto anachepa, kenako anatheratu. Kunangotsala achule ndi madontho a padenga. Sindinali wokhumudwa ayi. Ndinkaimba chamumtima, ndikuganiza za nkhope ya mkazi wanga akadzaona tebulo likuwala chonchi.

Ndiye kunamveka kugogoda. Pang'onopang'ono, mwaulemu.

Ndinati ndi mlonda, wabwerera shuga.

"Kankhani, sindinakhome!"

Chitseko sichinasunthe. Kunali zii. Achule aja anali atasiya.

"Odi kuno."

Sikuludilaiva inagwa m'manja mwanga. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi mawu amene anandifunsa mafunso tsiku limene ndinapita kukadzionetsa kwawo kwa mkazi wanga, ine thukuta lili kamukamu.

"Mkamwini, mundisiya panja pano?"

Ndinatsegula.

Anali Atelala. Ataimirira okha, opanda ndodo. Atavala malaya ogonera amizeremizere amene ine ndemwe ndinawaveka m'mawa wa tsikulo. Pakamwa pali bwinobwino.

Choyamba chimene chinandigwira si mantha. Chinali chimwemwe.

"Bambo! Mwachira?"

"Ndipatseni njira," anatero, n'kulowa.

Anandidutsa pafupi. Ankanunkhira sopo wa kwathu. Maso anga anatsikira pansi. Analibe nsapato. Kunja konse kunali matope, koma mapazi awo anali oyera ngati angochoka pa bedi. Ndipo kwathu si pafupi. Ine pa njinga ndimafika nditatopa.

Thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinangokoka mpando n'kuwaikira, chifukwa apongozi akabwera umawapatsa mpando, zina zonse pambuyo.

Sanakhale msanga. Anazungulira makinawo manja ali kumbuyo. Anawerama n'kusuzumira pansi. Anakoka dilowa, n'kuibweza, n'kuikokanso.

"Dilowa iyi inkandivuta kuyambira ndili mnyamata," anatero. "Mwaitani?"

"Ndinaipala pang'ono, bambo, n'kupaka kandulo m'mbali."

"Kandulo! Zaka zonse zija ndinkaimenya ndi chibakera." Anaseka kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa. "Manja muli nawo, mkamwini. Ndinkakayika, koma muli nawo."

Chikwatirireni mwana wawo anali asanandiyamikirepo. Ndinamva kukoma mumtima.

Anakhala pampando. Anaika phazi la kumanja pa chopondera, phazi lomwe lija ife timachita kulinyamula ndi manja powatembenuza. Anazunguza gudumu n'kuyang'anitsitsa.

"Mafuta mwathira ngati mukukazinga nyama. Nanga singanoyi anaika ndani?"

"Ndine, bambo."

"Singano ili ndi mimba ndi msana. Inu mwaiika chotembenuza. Mukanapalasa mpaka chaka chamawa."

Anaimasula ndi zala za dzanja la kumanja, anaitembenuza, anaimanga. Analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, osaphethira. Anapinda kansalu kanga koyeserera n'kuponda. Makinawo analira mosiyana ndi mmene ankalirira ndi ine, mofewa, mosathamanga. Msoko unatuluka woongoka. Atelala anatsinzina, akumwetulira, mutu ukutsatira phazi.

Kenako dzanja lawo linatsetsereka m'mphepete mwa tebulo. Phazi linaima.

Anasisitanso. Kuchokera pa ngodya mpaka kumapeto, n'kubwerera.

"Mkamwini."

"Bambo."

"Mwana wanga mwamuika kuti?"

Sindinamvetse. Ndinati ali kunyumba.

"Ndikunena pano." Anagogoda m'mphepetemo ndi chala. "Panali timabala pano."

"Ndinatseka, bambo. Ndinkaganiza kuti ana ankaseweretsa mpeni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Bola akanakwiya.

"Anthu onse ndinkawayeza ndi tepi," anatero. "Koma mwana wanga ayi. Iye ankaima apa. Ndinkatenga nsalu kuchokera paphewa mpaka pamene diresi lithere, n'kuigoneka patebulo kuyambira pa ngodya iyi. Pamene yalekezera ndinkachekapo. Akakula, ndinkachekanso patsogolo. Ndikafuna kumusokera, ngakhale ali kutali kusukulu, ndinkangogoneka nsalu apa. Inu mwakwecha zonse."

Ndinkangoyang'ana vanishi wanga akunyezimira.

"Bweretsani tchizulo chaching'ono."

Ndinabweretsa chitsulo chosemeracho. Anachilandira ndi dzanja lakufa lija. Zala zathu zinakhudzana. Zawo zinali zofunda, ndipo sindikudziwa chifukwa chake zimenezo zinandiopsa kuposa zikanakhala zozizira.

Sanayeze. Sanafune pensulo. Ankangoyendetsa chala chachikulu m'mphepetemo, n'kuima, n'kucheka. Vanishi wanga wa dzulodzulo ankagwa pansi tizidutswatizidutswa. Mtima wa ukalipentala unkandipweteka, koma ndinakokera babu pafupi kuti aziona bwino.

"Apa ndi pamene anayamba kuyenda," anatero. Anacheka. "Apa yunifolomu yoyamba. Analira tsiku lonse kuti yatalika." Anacheka. "Apa ndi chaka chimene anadwala chikuku. Sanakule kwenikweni, onani kuyandikana kwake. Tinkaona ngati atisiya." Anasuntha chala, n'kuchekanso. "Apa ndi pamene anayamba kundiuza kuti masitayilo anga ndi achikale. Ine! Telala wa tauni yonse!"

Ndinapezeka ndikuseka nawo. Anandiuza nkhani za mkazi wanga zimene iye sanandiuzepo, za tsiku limene anasokerera chala chake, za mmene ankagonera pansi pa tebulo lomweli makina akulira pamwamba pake. Ndinaiwala za mapazi aja. Ndinkangomva ngati ndili pa khonde la apongozi masana.

Atatsala pang'ono kufika kumapeto kwa tebulo, anaima mwadzidzidzi. Anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumva kuitana kutali.

"Akudzuka."

"Ndani, bambo?"

"Mkazi wanu. Anasinza pampando. Ndisamudetse nkhawa."

Anaika tchizulo patebulo, n'kuimirira.

"Ndikuperekezeni pa njinga," ndinatero.

"Musavutike. Njira yanga ndi yachidule."

Anatuluka n'kukoka chitseko. Ndinamva achule akuyambiranso. Nditatsegula, panja panalibe munthu. Pa matope a pakhomo panali mapazi a mlonda okha, obwera ndi obwerera.

Ndinathamangira ku geti. Mlonda anali maso, atakumbatira chibonga chake.

"Atuluka pano?"

"Ndani?"

"Apongozi anga."

"Geti ili ndinakhoma kalekale, kiyi ndi uyu." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma makina ndinawamva. Ndi anthu awiri akuseka. Ndinati ndibwere, miyendo inandikaniza."

Apo m'pamene mantha enieni anandipeza. Ntchito yanga ya mabokosi ija yandiphunzitsa zimene anthu amanena munthu wodwala akaoneka kumene sangafike. Ndinapalasa njinga ngati wamisala, ndikutchera khutu kuti ndimve kulira kuchokera kwathu.

Kunyumba kunali bata. Ndinalowa m'chipinda mwa Atelala ndi nsapato zamatope. Mkazi wanga anali pampando akutikita m'maso. Atelala anali pa bedi, atafunda mpaka pachifuwa, pakamwa potsamira mbali imodzi monga mwa masiku onse. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika. Ndinakhala pansi pomwepo.

"Mwatani inu? Mwaledzera?"

Ndinavundukula bulangete n'kugwira dzanja lawo la kumanja. Linali lopinda, lolemera, lakufa monga kale. Ndinalinunkhiza. Mafuta a makina. M'chikhadabo cha chala chachikulu munali kachidutswa ka vanishi.

Ndinamuuza mkazi wanga zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati vanishi wandilowa m'mutu, ndipo dzanjalo ndalipaka ndine pomwe ndimaligwira. Koma sanagone. Kutangocha anaitana mng'ono wake kuti adzakhale ndi bambo, iye n'kukwera kumbuyo kwa njinga yanga.

Tinapeza nkhani itatitsogolera. Mlonda sasunga mawu. Wometa tsitsi anali akufotokozera anthu kuti munthu akagona nthawi yaitali, mzimu wake umatopa n'kumapita kokayenda. Wokonza njinga anati zonsezo n'zabodza, kalipentala wagona ndi chitini cha vanishi chosatseka. Mayi wogulitsa makala kunja kwa geti anati ayi, pali anthu ena ntchito yawo imawaitana, ndipo ikawaitana amapita, kaya miyendo ilipo kaya palibe. Onse ankanong'ona, koma palibe anayandikira chitseko changa.

Mkazi wanga analowa, n'kuima patsogolo pa makinawo. Tebulo lowala lija sanaliyamikire n'komwe. Anagwada n'kuika chala pa kabala koyamba. Anapita pa kachiwiri. Atafika pa tiwiri toyandikana tija, anagwira pakamwa.

"Chikuku," anatero. "Zimenezi sindinakuuzenipo."

"Simunandiuzepo."

Analira, kenako anaseka, kenako analiranso. Ine ndinangoima pambali ndi manja anga osadziwa kolowera.

"Mawu awo anali bwanji?" anafunsa.

"Omwe aja. Okweza. Anandinyoza za mafuta."

"Ine ndawasambitsa miyezi yonseyi, ndawadyetsa ndi sipuni, koma akalankhule ndi inu?" Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Anandifunsa?"

"Nkhani yonse inali ya inu."

Anayendetsanso chala mpaka kumapeto kwa tebulo, pamene vanishi anali wosalala.

"Sanamalize. Panali kena kuno, kotsiriza. Ka diresi la ukwati."

"Mwina ukwatiwo sanauvomerezebe," ndinatero.

Anandimenya paphewa. Ine ndinapita kukayang'ana chingwe, n'kunena kuti ndikabwereke ngolo tinyamule makinawo, madzulo akhale ali m'chipinda mwa bambo monga tinapangana.

"Asiyeni pomwepo," anatero.

"Si inu munati tiwapititse kunyumba?"

"Kunyumba bambo salankhula. Amalankhula kuno."

Madzulo a tsiku limenelo mng'ono wake anagona kwathu. Mkazi wanga anasamba, anavala diresi lakale la maluwa limene bambo ake anamusokera, n'kunyamula fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri. Tinafika ku shopu anzanga akutseka. Anasesa utuchi wonse, anapukuta mpando, anaika tchizulo chaching'ono patebulo. Tinakhala, tikucheza za uku ndi uku. Ankaoneka wopepuka, ngati mtsikana amene akudikira basi yopita kwawo.

Magalimoto atatha mumsewu, anandiyang'ana.

"Makapu ndi awiri, akalipentala."

"Ndaona."

"Inu munacheza nawo kale dzulo. Pitani mukakhale ndi alonda."

Ndinafuna kukana, koma nkhope yake sinali yokanika. Ndinatenga jekete n'kutuluka, iye n'kutseka chitseko.

Mlonda anali pa benchi yake, geti atakhoma. Tonse tinkayang'ana kuwala kotuluka pansi pa chitseko changa. Bwalo lonse linkaoneka bwino. Palibe anadutsa. Ine ndinali nditaimirira, mtima uli m'mwamba, ndikuopa kuti mkazi wanga akhala yekha mpaka m'mawa ndi tiyi wozizira.

Achule anasiya.

Makina anayamba kulira, mofewa, mosathamanga. Analira pang'ono n'kuima. Kenako ndinamva mkazi wanga akuseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene ndinali ndisanakumve chigwereni bambo ake. Pansi pa kusekako panali mawu ena, aakulu, akufotokoza nkhani mosapumira.

Mlonda anandigwira jekete.

"Akuseka ndi ndani?" ananong'ona.

"Ndi bambo ake," ndinatero. "Sunthani ndikhale nawo. Achedwa amenewo, ali ndi zambiri zoti akambirane."